Chitini cha apongozi pa msewu wa ku Alaska

Loweruka: Edmonton mpaka Dawson Creek

Tanyamuka m'bandakucha, anthu atatu ndi chitini chimodzi. Ine pachiwongolero, mayi akunyumba kumbuyo, apongozi anga aakazi kutsogolo, pambali panga penipeni, chifukwa mawondo awo safuna kupindidwa nthawi yaitali. Amayi anga ku Dedza nditawauza pafoni dzulo za kakhalidwe kameneka anangoti "Ha!" kenako n'kuseka mpaka kutsamwa. Kwathu mkamwini akaona apongozi akubwera panjira amalowa patchire. Ine lero ndayenda nawo makilomita pafupifupi 600 titagundana mapewa, iwo akusenda maswiti n'kumandiika m'manja. Ndatha zaka 19 m'banja limeneli koma thukuta lamanyazi limatulukabe.

Chitinicho n'cha mabisiketi, chofiira, chadzimbiri m'makona, ndipo achifukata pamiyendo tsiku lonse. Chinali cha makolo awo. Awiriwo anakwatirana ku Edmonton, ku Canada, mu Epulo 1943, mnyamata wa zaka 24 ndi mtsikana wa zaka 21, onse ana a alimi a tirigu amene chilala cha m'ma 1930 chinawasiya manja lende. Mwezi usanathe chikwatiraneni anapita kumpoto kukagwira ntchito pa msewu wa ku Alaska, n'kubwerako kumapeto kwa 1944. Moyo wawo wonse wotsala anathera pafamu. Miyezi 18 imeneyo ndi imene ili m'chitinimu: zithunzi 41 zazing'ono ngati chikhatho cha mwana, makalata omangidwa ndi ulusi, kabuku kolembamo ndalama, tikiti ya sitima, baji ya kuntchito, kaneti kovala kumutu, supuni yodindidwa zilembo za U.S. pachigwiriro, ndi tinsapato ta khanda tachikopa tosokedwa mikanda.

Apongozi anabadwa mu 1946, zonsezi zitatha, ndipo kumpotoko sanapondeko. Chaka chino anangoti, "Mundiperekeze maso akadali kuona." Munthu wamkulu akatero suyankha ndi mtengo wa petulo.

Dawson Creek ndi pamene msewu umayambira. Pakati pa tauni pali chipilala choyera cholembedwa Mile 0, ndipo aliyense amajambulitsapo, ifenso sitinalekerere. Japan itaphulitsa Pearl Harbor pa 7 Disembala 1941, Amereka inagwidwa mantha kuti ilandidwa Alaska, dera limene ankalifikira panyanja kapena pandege basi. Njanji yochokera ku Edmonton inkathera pano, choncho mu Malichi 1942 sitima zinayamba kukhuthula asilikali ndi akatapila pa kamudzi ka anthu mazana ochepa. Pofika Novembala chaka chomwecho anali atang'amba njira ya makilomita oposa 2,400 m'nkhalango. Tiyerekeze kuchoka ku Nsanje kukafika ku Chitipa, kubwereranso, n'kutsalabe ndi mtunda. Miyezi 8 yokha.

Koma inali njira ya dzina. Madzi oundana atasungunuka mu 1943 milatho yamitengo inakokoloka, malole n'kumatitimira mpaka m'zitseko. Apa m'pamene makampani a anthu wamba anatenga ntchito yomanga msewu weniweni, ndipo agogo aamuna, bambo a apongozi, amene ankadziwa kupasula injini ya thirakitala n'kuibwezeretsa, analembedwa umakaniko. M'kalata yawo yoyamba akuti anapeza pakati pa tauniyi pali phulusa lokhalokha. N'zoona: pa 13 Febuluwale 1943 moto unagwira nyumba imene munasungidwa dainamaiti ndipo mbali yonse ya tauni inauluka.

Ola la 10 usiku lakwana, kunja kukadali mbee. Tulo sitikubwera.

Lamulungu: mpaka Fort Nelson

Tinapatuka pang'ono kukaona mlatho wakale wa Kiskatinaw, wamatabwa okhaokha, wokhota ngati chikwakwa, wotalika mamita 162 pamwamba pa chigwembe. Galimoto sizidutsaponso. Chithunzi chake chili m'chitini, agogo aamuna ataima pakati atapinda manja ngati anaumanga okha. Kenako Taylor, pamene mlatho wolendewera wa mu 1943 pa mtsinje wa Peace unagwa mu 1957, ndi Charlie Lake, pamene pali chikumbutso cha asilikali 12 amene anamira pa 14 Meyi 1942, bwato lawo lonyamula zida litagubuduzika ndi mafunde. Anthu 5 anapulumutsidwa ndi mlenje wina wotchera misampha, Gustaf Hedin, amene anaona ngoziyo ali pakhomo pake n'kupalasa kabwato kake. Mayina onse 12 analembedwa bwinobwino pamenepo.

Za mayina ndazitchula dala. Agogo aakazi anali munthu wa dongosolo. Kuseri kwa chithunzi chilichonse analemba ndi pensulo amene ali pamenepo, wophika, kalaliki, woyendetsa lole, ngakhale galu wa pamsasa ali ndi dzina. Chilipo chimodzi chimene amuna awo anagula kwa mnzawo: anyamata 6 akuda atavala majasi a usilikali, nkhwangwa m'manja, chipale chofewa mpaka m'mawondo. Kuseri kwake kuli mawu awiri okha otanthauza "asilikali achikuda".

Ndinachitenga chithunzicho pa mtsinje wa Sikanni Chief. Mwa asilikali oposa 10,000 amene anang'amba msewuwu, mmodzi mwa atatu alionse anali wakuda, m'magulu atatu a 93, 95 ndi 97. Ambiri anachokera kumwera kwa Amereka, kotentha, ndipo chipale chofewa anali asanachionepo. Nthawi imeneyo asilikali a Amereka ankawalekanitsa potengera khungu. Owalamulira anali azungu, m'matauni ankawaletsa kulowa, ndipo a gulu la 95 analandidwa akatapila awo n'kupatsidwa gulu la azungu, iwo n'kutsala ndi nkhwangwa, mapiki ndi mafosholo. Ndi amenewa amene anamanga mlatho pa mtsinje uno m'masiku osakwana anayi, akudula mitengo pamtunda n'kulowa nayo m'madzi. Ndinaviika dzanja m'madzimo. Uno ndi Juni, koma ndisanawerenge kufika 20 zala zinali zitasiya kumva.

Ndinakhala pamwala nthawi yaitali ndithu. Apongozi anabwera ndi ndodo yawo, anayang'ana chithunzi, anayang'ana ine, n'kunena kuti, "Amayi anga sanali munthu woipa." Ndinati, "Ndikudziwa, Amayi." Ndipo ndikudziwadi. Anthuwo sanakumane nawo, akanawafunsa bwanji mayina? Komabe galu uja dzina ali nalo.

Kuyandikira Fort Nelson, mitengo yopsa yaima ngati machesi ogwiritsidwa kale ntchito, mtunda wautali. Tagona molawirira.

Lolemba: Muncho Lake ndi akasupe a Liard

Lero msewu wakwera mapiri. Pa Summit Lake, mamita pafupifupi 1,300, ndiye pamwamba pa msewu wonse. Nkhosa zakutchire zimatsikira paphula kudzanyambita mchere ndipo sizisamala za hutala. Nyanja ya Muncho ndi yobiriwira ngati botolo, msewu ukuyenda m'mphepete mwake, mbali ina thanthwe, mbali ina madzi akuya. Chakuno n'kumene kunali msasa wa agogo aamuna.

Ine ndinkaganiza kuti popeza anapita awiri, ankakhalanso awiri. Ayi ndithu. Mwamuna anamutumiza kuno, mkazi anapeza ntchito yotayipa mu ofesi ku Whitehorse, mtunda wa makilomita oposa 600 pakati pawo. Chaka choyamba anaonana kanayi. N'chifukwa chake pali makalata. Nditamva izi ndinaseka ndekha: kodi si Theba yomweyi? Mnyamata angokwatira, akwere sitima, akasunge ndalama zogulira malo ndi ng'ombe, mkazi azidikira kalata. Kusiyana kwake n'kwakuti uyu mkazi sanatsale pamudzi kulima yekha. Nayenso anali ndi Joni wake.

Mayi akunyumba ankawerenga makalatawo mokweza tikuyenda. Ena ali ndi chidindo cha wofufuza makalata wa asilikali, ndipo imodzi inadulidwa kabowo ndi lezala pamene panali dzina la malo. Zachikondi n'zochepa. Agogo aamuna akulemba za mainjini. Akuti nthawi yozizira lole sankaizimitsa usiku wonse, chifukwa ikazima oyilo amalimba ngati phula, ndipo m'mawa umachita kusonkha moto pansi pake. Akuti ukagwira sipanala ndi dzanja lopanda golovesi khungu limatsalira pomwepo. Akufotokozanso za nthaka yakuno imene pansi pake mpouma ndi kuzizira chaka chonse: ukapala ndere zapamwamba ndi katapila dzuwa limaisungunula n'kukhala phala, ndiye anaphunzira kusiya nderezo n'kuyala mitengo yogonekagoneka, monga timachitira powoloka dambo, kenako n'kuthira miyala pamwamba.

Chimene chinkawapweteka mtima kwambiri si kuzizira. Boma la Canada linkaletsa kukweza malipiro pa nthawi ya nkhondo, choncho munthu wa ku Canada wogwira ntchito pa kampani ya kwawo ankalandira zochepa kuposa wa ku Amereka wogwira ntchito yomweyo, m'matope omwewo. M'makalata atatu otsatizana nkhani ndi yomweyi. Ndinamumva bwino mkuluyu. Amene wagwirapo ntchito limodzi ndi munthu wochokera kunja, wolipidwa m'madola, akudziwa mmene zimawawira pakutha pamwezi.

Za supuni akuti anaiika m'thumba tsiku lina ku holo yodyera kuti akakonzere kabuleta, n'kuiwala kubweza. Apongozi akuti bambo awo ankaiwala motero zinthu zambiri.

Madzulo tafika pa akasupe otentha a Liard. Umayenda pa kanjira kamatabwa kodutsa m'dambo, kamene asilikali anayamba kuyala mu 1942, n'kupeza dziwe lofuka nthunzi pakati pa nkhalango. Kumtunda kwake madzi amapitirira madigiri 50. Agogo aamuna akuti kuno ndi kumene anasamba thupi lonse koyamba patapita milungu 7. Ine ndinalowa kumunsi, apongozi kumtunda, ndipo ndinaonetsetsa kuti pakati pathu pakhale anthu achilendo okwanira. Zina n'zosatheka ngakhale utakhala kunja zaka zingati.

Udzudzu wakuno ulibe malungo, koma umabwera ngati utsi. Ndinayamba ndi kunyada kuti ine ndine wa ku Malawi. Patapita mphindi 10 ndinapempha kaneti ka m'chitini kaja. Anandikaniza.

Lachiwiri: Watson Lake

M'mawa njati zakuno zinatseka msewu, zoposa 30, ana ofiirira pakati. Tinadikira zitadzichokera zokha. Tinaimanso pa Contact Creek, pamene magulu awiri, lina lochokera kumwera lina kumpoto, anakumana mu Seputembala 1942.

Ku Watson Lake kuli nkhalango ya zikwangwani. Mu 1942 msilikali wina, Carl Lindley, atavulala anapatsidwa ntchito yopepuka yokonza chikwangwani cholozera njira. Kulakalaka kwawo kutamukulira anakhomerapo thabwa lolembedwa Danville, Illinois, ndi mtunda wake. Ena anatsatira. Lero zikwangwani zaposa 70,000, mayina a midzi ya padziko lonse, manambala a galimoto, mbale, ngakhale zivindikiro za mapoto. Ndinapempha thabwa ndi penti pa ofesi ya alendo, ndinalemba DEDZA, n'kukhoma pamwamba mmene dzanja linafikira.

Ndikukhoma ndinakumbuka agogo anga, bambo a amayi anga. Chaka chomwe awiriwa ankawerengera ndalama zawo kuno, iwo anali ku Burma ndi asilikali a Keyala, m'chigwa cha Kabaw, m'mvula yosakata ya 1944. Nkhondo imodzimodziyo, mdani yemweyo. Anabwerako ndi jasi, kapu yachitsulo ndi chifuwa chimene sichinathe. Jasilo anafunda mpaka linasanduka zigamba zokhazokha, kenako linakayalidwa m'chisa cha nkhuku. Kapuyo ine ndamwerapo madzi, inkakhala pakamwa pa mtsuko. Itabooka tinkayezera mchere, ndipo kumene inathera palibe anasamala. Makalata awo, olembedwa ndi kalaliki wa gulu lawo, agogo anga aakazi ankati akawawerengera mphunzitsi n'kumva kuti munthu ali moyo, pepalalo ankapatsa achimwene awo kupichira fodya.

Ndinawafotokozera apongozi zimenezi ndikuseka, koma iwo anagwira pakamwa. "Ndiye mulibe chilichonse chawo?" Ndinaganiza kaye. Ndili ndi mayendedwe awo, amatero amayi. Ndilinso ndi nyimbo ziwiri za pa perete zimene ankaimba akaledzera, zimene sindingaimbe pamaso pa apongozi.

Pabwalo la ndege lakuno padakali chinyumba chachikulu chamatabwa cha nthawi ya nkhondo. Ndege pafupifupi 8,000 zinadutsa njira imeneyi kupita ku Fairbanks, kumene oyendetsa a Soviet Union ankazilandira n'kuwoloka nazo ku Siberia. Msewu unatsata mabwalo a ndege amenewa, n'chifukwa chake unadzera kuno.

Lachitatu: Teslin

M'kabuku ka agogo aakazi muli mzere wa mu Febuluwale 1944: "Teslin. Mayi wachiindiya. Nsapato za mwana. $2." Anakwera basi ya asilikali kuchokera ku Whitehorse, amuna awo anapempha malo pa lole kuchokera kumwera, n'kukumana pano masiku awiri. Mwana analibe, ngakhale pathupi panalibe. Anangogula mwachiyembekezo.

Teslin ndi mudzi wa anthu a mtundu wa Tlingit, m'mphepete mwa nyanja yaitali yopyapyala. Tinayamba ndi nyumba yosungiramo zakale ya George Johnston, mlenje wa mtunduwu amene anagula kamera n'kumajambula anthu akwawo zaka zambiri msewu usanabwere. Mu 1928 anagula Chevrolet ku Whitehorse, n'kuibweretsa pa sitima yapamadzi kumudzi kumene kunalibe msewu ngakhale umodzi. Anadzilambulira kamsewu kake, ndipo nthawi yozizira ankaipaka penti yoyera n'kumasaka nayo nyama pamwamba pa nyanja youndana. Galimotoyo ilipo, yonyezimira. Munthu ameneyu ndikanamukonda. M'zithunzi zake anthu avala bwino, aima mowongoka, akuseka ndi wojambula amene akumudziwa.

Kenako msewu unafika, ndipo pamodzi ndi anthu zikwizikwi achilendo panafika matenda. Kuyambira mu 1942 mpaka 1943 mudzi uno unagwidwa ndi chikuku, kamwazi, chifuwa chokoka mtima, matenda oumitsa khosi, ena akutha ena akuyamba. Anthu analibe chitetezo m'thupi cha matenda amenewa, ndipo ambiri mwa omwalira anali ana. Choncho mayi amene anasoka tinsapato ta khanda mu Febuluwale 1944 anasoka m'mudzi umene unali utangoika ana ake m'manda.

Ku nyumba ya chikhalidwe cha Atlingit, kumene panja paima mizati isanu yosema ya mafuko awo asanu, tinapeza mayi wina wachikulire akusoka mikanda patebulo. Apongozi anatsegula chitini manja akunjenjemera. Mayiyo asanayang'ane n'komwe maluwa a mikandawo, anatenga kansapato kamodzi n'kukanunkhiza. Anati chikopacho n'cha moose, chinyama chachikulu ngati ntchefu, ndipo anachifufuta pamanja n'kuchifukiza ndi utsi wa nkhuni zofumbwa. Ndinanunkhiza nanenso. Patha zaka zoposa 80 koma fungo la utsi lilipo, ngati la denga la khitchini ya kumudzi. Anationetsa kuti chikopacho chinasokedwa ndi mtsempha wa nyama, osati ulusi wa m'sitolo. Anatchula mabanja awiri atatu amene amayi awo ankakonda kusoka duwa lotere, n'kunenanso kuti azakhali ake awiri anapita ndi chikuku chija ali aang'ono.

Apongozi anati akufuna kuzisiya, zibwerere kwawo. Ndi zimene anabwerera, ndinazindikira pamenepo. Mayiyo anatembenuza kansapato n'kuona kuphazi kwake kuli kwakuda, kotha mpaka kupyapyala.

"Anavala ndani?"

"Ine. Kenako mwana wanga uyu. Kenako mdzukulu wanga."

Ine ndinawonjezera kuti zinafika ndi ku Africa komwe, chifukwa mwana wathu anazivala ku Dedza mu Julayi wina wozizira, agogo ake atam'bereka kumbuyo, mudzi wonse ukubwera kudzaona nsapato zonunkha utsi. Mayiyo anaseka kwambiri. Kenako anazikankhira kwa apongozi n'kunena kuti nsapato za mwana sazipachika pakhoma, adikire wachinayi.

M'galimoto munali zii mpaka Johnson's Crossing. Ine mtima sunakhazikike kwenikweni. Mayiyo anatichitira ulemu, koma sindikuganiza kuti nkhani ya madola awiri aja inathera patebulo paja. Apongozi nawonso ndikuona kuti ankafuna atapepukidwa, ndipo abwerera ndi katundu wawo yemweyo.

Lachinayi: Whitehorse

Nkhondo isanafike tauni ino inali ya anthu osakwana 1,000, yodalira sitima zapamadzi za pa mtsinje wa Yukon ndi kanjanji kopapatiza kochokera ku doko la Skagway. Kanjanjiko ndi kamene kali pa tikiti ya m'chitini. Asilikali a Amereka anakabwereka mu 1942 n'kumakayendetsa usana ndi usiku. M'chaka chimodzi anthu anachuluka kakhumikhumi, matenti ndi nyumba zamalata zozungulira zili ponseponse, madzi ndi zimbudzi zosakwana, mizere pa sitolo iliyonse. Sitima imodzi yapamadzi, SS Klondike, anaikokera pamtunda ndipo ili m'mphepete mwa mtsinje. Pachithunzi agogo aakazi aima kutsogolo kwa sitima ngati imeneyi atavala thalauza ndi jekete la munthu wina, mutu atautaya kumbuyo, akuseka mano onse pamtunda.

Apongozi anachiyang'ana nthawi yaitali tili pa benchi. "Ine mayi ameneyu sindinakumane naye," anatero. Amene anawalera anali wachete, wodzuka 5 koloko kukama ng'ombe, wowerengera mazira.

Kabuku kaja kakufotokoza. Kumanzere ndalama zolowa, kumanja zotuluka, pansi zosunga zogulira famu. Miyezi yoyamba kumanja kuli sopo, masitampa, ulusi. Kenako kukuyamba kuoneka kanema, zopakapaka za pamilomo, nsapato zovinira, thalauza lija. Akazi kuno anali ochepa kwambiri pakati pa amuna zikwizikwi, ndipo dansi inkachitika pafupifupi usiku uliwonse. Ankagona m'nyumba ya akazi okhaokha, masana n'kumatayipa mafomu a katundu ndi kaboni, makope anayi anayi. Koma kumapeto kwa mwezi envelopu inkabwera ndi dzina lawo. Bambo awo sankaigwira, amuna awo sankaigwira.

Kalata yomaliza pamtolopo si yachikondi. Agogo aamuna anali atasamutsidwira kuno mu 1944, koma nkhaniyi mkazi anasankha kuilemba, ngakhale ankatha kuonana madzulo. Akupempha kuti akhalebe kumpoto nkhondo ikatha, mwamuna atsegule galaja, iwo apitirize ntchito. Yankho lake mulibe m'chitini. Yankho lake ndi famu. Sanalandirenso malipiro moyo wawo wonse, ndipo chitinichi ankachisunga pansi pa mabulangete m'kabati, osachionetsa ana. Apongozi anachipeza pa maliro.

Ine sindiweruza mkuluyo. Anakulira m'fumbi la chilala, ndipo malo akeake anali chinthu chokhacho chimene ankachikhulupirira. Mayi akunyumba amuweruza, ndipo takangana pang'ono pa chakudya chamasana. Apongozi sanalowerere. Anangoti mazira amayi awo ankawalemba m'kabuku kofanana ndi aka, mizere yake yomweyi.

Masana tinazungulira ku Marwell, dera la magalaja ndi mosungira katundu. Apa m'pamene panali fakitale yoyenga mafuta ya Canol, imene mapepala ake ambiri anadutsa pa tayipi ya agogo. Makampani olembedwa ntchito ndi asilikali a Amereka anayala paipi ya mainchesi 4 kuchokera ku zitsime za Norman Wells, makilomita pafupifupi 1,000 kudutsa mapiri opanda njira, pa mtengo woposa madola 130 miliyoni. Harry Truman, asanakhale pulezidenti wa Amereka, anatsogolera komiti imene inadzudzula kuwononga ndalama kumeneku. Fakitale inatsegulidwa mu Epulo 1944 n'kutsekedwa mu 1945. Mafuta atapezeka ku Leduc, pafupi ndi Edmonton, mu 1947, kampani ina inaigula, inaipasula, n'kuinyamula pa malole kutsika msewu womwewu, kupita nayo ku Edmonton. Malo amene anakaiimika ndimadutsapo popita kuntchito, zaka zonsezi osadziwa.

Pakati pa usiku kunja kukadali kotheka kuwerenga nyuzipepala.

Lachisanu: nyanja ya Kluane

Awiriwo kuno sanafikeko, koma apongozi anati tisabwerere tisanaone pamene msewu unatsegulidwira. Kuchokera ku Haines Junction mapiri aima ngati khoma loyera kumanzere. Kumapeto kwa nyanja ya Kluane mphepo ikuulutsa fumbi pamene panali mtsinje wa Slims. Mu 2016 madzi oundana a kuphiri amene ankaudyetsa anabwerera m'mbuyo, madzi ake n'kutembenukira ku mtsinje wina, ndipo uno unaphwa m'masiku ochepa. Dera lonseli boma linalitseka kuti kusakhale kusaka nthawi yomwe msewu unkamangidwa, poopa kuti alendo atha nyama. Amene analetsedwa kusaka m'dziko la makolo awo kwa zaka zambiri pambuyo pake anali eni dera.

Soldier's Summit ili pa kaphiri pamwamba pa nyanja. Pa 20 Novembala 1942, kukuzizira koopsa, akuluakulu a mayiko awiriwa anadula riboni pamenepa. Kanjira kokwererako ndi chidutswa cha msewu woyamba uja, miyala ndi mizu. Mayi akunyumba anatsogola ndi kamera. Titafika pakati apongozi anaima, anapuma, n'kutambasula dzanja osanena kanthu. Ndinayang'ana uku ndi uku ngati kuti wina wa ku Dedza angatulukire m'mitengo. Kenako ndinawagwira pamkono, ndipo takwera choncho mpaka pa mbendera, n'kutsikanso choncho. Ndi opepuka ngati mtolo wa udzu.

Tagona m'kanyumba kamitengo kokhala ndi chitofu. Ndinanyamula ufa ndi mthiko kuchokera ku Edmonton, ndiye usiku uno ndaphika nsima, ndiwo zake nyemba za m'chitini ndi kabichi. M'kabati ya kanyumbaka munali mbale ndi mafoloko koma supuni munalibe ngakhale imodzi. Ndikusakasaka m'madilowa ndinamva chivindikiro cha chitini chikutseguka. Apongozi anaitsuka ndi sopo kawiri, anaipukuta ndi malaya awo, n'kuizika m'poto wa nyemba. Iwo nsima amadyera foloko, ndipo ndinasiya kalekale kuwalangiza.

Titatha kudya ndinaitsuka n'kuwapatsa. Anati ndiike m'jumbo la ziwiya, mawa tidzaifuna pa tiyi.

Mawa tibwerera, makilomita oposa 2,000. Tayala lakumbuyo kumanzere likutsika mpweya pang'onopang'ono kuyambira ku Teslin, ndiyenera kuliona ku Haines Junction tisanalowe mtunda wautali. Amayi atumiza uthenga wa mawu pa WhatsApp kufunsa ngati apongozi akadali kukhala kutsogolo. Netiweki kuno ikuvuta, ndiwayankha tikafika ku Whitehorse.